Chaka Chimene Amayi Anatseka Mmero

Chitinicho chinali cha palafini, chija cha makona anayi. Bambo anachidula pamwamba n'kupingasa kamtengo pakamwa pake kuti pakhale pomanga chingwe, ndipo chingwecho chinali cha mphira wa tayala, chosiya mizere yakuda m'zikhatho. Pansi pake panali kachiboo kamene amayi anamata ndi phula la pamsewu. Ukachiponya m'chitsime chinkayamba chagunda makoma, ngwe, ngwe, kenako phava! Ndiye kamphepo kozizira kankakwera kudzakupeza kumaso. Ndakalamba tsopano, ndamwa madzi a m'mipopi yosiyanasiyana, koma ndikamva fungo la dzimbiri lonyowa mtima wanga umatentha. Anthu amati ukalamba umaziziritsa mkwiyo, koma wanga unakana.

Tinkakhala ku Kanyama, m'mphepete mwa Lusaka, masiku amene dera lonselo linali famu ya mzungu ndipo anthu akuda ankamanga pamenepo mwa chilolezo cha kapitao wake. Makolo anga anachokera ku Nyasaland, kumapiri a ku Ntcheu, kumene munthu amaona kumene madzi akuchokera ndi kumene akupita. Kanyama ndi dziko lathyathyathya ngati mphasa, ndipo mtsinje kulibe. Ukakumba pang'ono umapeza mwala woyera wokhawokha, wa mabowomabowo. Mvula ikagwa madzi sathamanga, amangoima n'kumayang'ana polowera.

Chitsime chathu anakumba ndi bambo mothandizana ndi malume, mchimwene wa amayi, amene ntchito yawo inali yophwanya miyala. Khasu linagwira ntchito tsiku loyamba lokha. Atafika pamwala ankasonkhapo moto wa zitsa mpaka mwalawo kutentha, kenako n'kuthirapo madzi ozizira otunga kutali. Mwala unkalira ngati mfuti n'kung'aluka, malume n'kulowa ndi nyundo. Ndinali kamtsikana kakang'ono kwambiri, koma ndimakumbukira bambo akutuluka m'dzenjemo ali mbuu ngati agwera mu ufa, nsidze zitapsa, akuseka. Madzi atatuluka anali ozizira, okoma, ndipo sankaphwa ngakhale dzuwa la Okutobala litaumitsa zitsime zonse za anzathu. Amayi sanaikepo lamulo lililonse. Mawu awo anali amodzi: "Kwathu madzi sitimanana." Choncho mzere wonse wa nyumba unkamwa thukuta la bambo anga kwaulere, ndipo ndikunena zimenezi kuti muzikumbukire.

Kuseri kwa nyumba yathu, pamene nthaka inatsikako pang'ono, panali mng'alu waukulu pamwala, woti munthu wamkulu n'kulowamo. Ife tinkautcha Mmero. Madzi onse a mvula a mbali imeneyo ankasonkhana pamenepo, n'kuzungulira, n'kumezedwa. Chaka chilichonse mvula isanayambe bambo ankatsikiramo ndi dengu, n'kutulutsa masamba, dothi, zigoba za zitini ndi chilichonse chimene mphepo inaponyamo. Anthu ambiri oyandikana nafe anali achilendo, obwera dzana kudzafuna ntchito m'tauni, ndipo sankamvetsa kuti munthu wanzeru zake akusesanji m'dzenje. Anayamba kunong'onezana kuti Mnyasa uja akuweta chinthu m'menemo, amachidyetsa chaka ndi chaka, n'chifukwa chake chitsime chake sichiphwa. Bambo anamva mphekeserazo ndipo sanazitsutse. Ankati mantha ndi mpanda wabwino, palibe amene adzatayamo zinyalala, ndipo palibe mwana amene adzaseweretsapo khosi lake.

Kenako bambo anapita kuchigwa cha Zambezi, kumene azungu ankamanga khoma lotseka mtsinjewo. Anasiya amayi ali oyembekezera. Anamwalira komweko ndi malungo, ndipo chimene chinabwera kwathu ndi bulangeti lawo lokha, m'manja mwa mnzawo. Mlongo wanga anabadwa osawaona. Kanali kamwana konenepa, kaphokoso, kokonda kumenya chitini chija ndi supuni.

Chaka chimene ndikufuna kusimbachi mzungu anaika kapitao watsopano. Anali munthu wakuda ngati ife, wamtali, wa kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, wokhala ndi njinga ya belu. Kale ankakhala kumtunda, pafupi ndi nyumba ya bwana wake, ndipo anali asanaonepo dzinja la kumunsi kwathu. Anabwera nthawi ya chilimwe, anaona azimayi atandanda pachitsime chathu pamene zina zonse zinali fumbi, ndipo maso ake anakhala pamenepo. Anauza amayi kuti mkazi wopanda mwamuna wapantchito sangakhale ndi malo, pokhapokha atalola kukhala mkazi wake wachitatu. Amayi anayang'ana masokosi akewo, n'kulowa m'nyumba.

Sabata isanathe anabwera ndi anyamata ake. Ndimamva mawu ake mpaka lero, m'Chinyanja chake cha m'tauni:

"Ichi chitsime ni cha ba bwana. Dothi ni ya ba bwana, na manzi yonse yali pansi ni ya ba bwana. Chosani vinthu vanu."

Nyumba yathu anaigwetsa ife tikuona. Pamalopo anamanga yake ya zidina, njerwa zija zosaotcha, yaikulu, yofolera malata onyezimira. Pachitsime anaikapo chivundikiro cha matabwa ndi loko, kiyi n'kumangirira m'khosi mwake. Amene ankamugwadira bwino ankatunga. Ife ayi. Ndipo anthu aja amene anamwa kwaulere zaka zonsezo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Ankamupatsa moni ndi manja awiri, "Mwauka bwanji ba Kapitao," akationa ife n'kumayang'ana kumbali. Ndinawawerenga onse ndi maso anga a mwana, ndipo sindinaiwale nkhope ya aliyense.

Tinasamukira kwa malume, pachitunda cha miyala pafupi ndi maenje amene ankakumbamo. Madzi athu tsopano anali a m'maenjemo, otsala a dzinja lapita, obiriwira, ofunda, onunkha chule. Abulu ankamwa momwemo, anthu ankachapa momwemo. Amayi ankawasefa pansalu, nkhuni zikapezeka n'kuwiritsa, koma nkhuni ku Kanyama zinali zosowa kuposa nyama. Mlongo wanga anali atangoyamba kuyenda. Anayamba kutsegula m'mimba, liwombo linalowa, maso anakhala aakulu kuposa nkhope. Anasiya kumenya chitini.

Tsiku lina masana amayi anamubereka, n'kundiuza kuti nditenge chitinicho. Tinapita kunyumba ya malata. Amayi, munthu amene sankagwadira aliyense koma Mulungu, anagwada pafumbi pamene kale panali khitchini yawo, n'kupempha chitini chimodzi cha madzi abwino a mwana wodwala. Mkazi wamng'ono wa kapitao anatuluka akutafuna nzimbe. Anati, "Kiyi yayenda na beneke." Mwini wakeyo ndinkamuona ine pazenera, atakhala, akudzipepesa ndi chipewa. Tinabwerera, chitini chopanda kanthu chikundigunda m'mwendo njira yonse. Mwana anamwalira masiku owerengeka pambuyo pake. Sindinganene motsimikiza kuti chitini chimodzi chikanamupulumutsa, ndipo sindifuna kuti wina andiuze kuti sichikanatero.

Ndinali ndi zaka ngati khumi, koma chidani chimene chinandilowa chinali cha munthu wamkulu. Kutchalitchi anzanga akamapempherera odwala, ine ndinkapempha kuti mimba ya kapitao itupe mpaka iphulike. Ndinkabisala kuseri kwa chulu n'kumagenda malata ake. Ndinathira minga panjira ya njinga yake. Zonsezi zinali zibwana, ndipo zinkandipweteka kwambiri chifukwa iye sankadziwa n'komwe kuti ali ndi mdani. Malume nawo tsiku la maliro anatenga nyundo yawo yaikulu n'kuyamba ulendo, amayi n'kuwatsekera njira. Anawafunsa ngati akufuna kuti aike m'manda anthu awiri, winayo atapachikidwa ndi boma. Malume anaponya nyundo pansi n'kukhala pamwala, mutu uli m'manja. "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka," anatero. Amayi anangobwerera kukakhala pasiwa. Ine ndinawakwiyira onse awiri, wina chifukwa cha mwambi wa anthu amantha, wina chifukwa chokhala chete.

Sukulu yathu inali ya mishoni, ya udzu, ndipo aphunzitsi anali bambo wamfupi wa kum'mawa, wosakonda kuphunzitsira m'kati kukatentha. Tsiku lina anatitulutsa panja atanyamula beseni ndi ketulo ya madzi. Beseni analivundikira pansi. Anati Lusaka wakhala pamwamba apa, pamsana pa dziko, n'chifukwa chake alibe mtsinje waukulu: madzi onse amam'thawa. Anathira madzi pamwamba pa beseni ndipo anagawikana. Otsikira uku, anatero, ndi a mvula ya ku Garden, amalowa mu Ngwerere, Ngwerere n'kukapereka kwa Chongwe. Otsikira uko ndi a ku Matero, amatsata Chunga, n'kulowa mu Mwembeshi, mpaka ku Kafue ndi madambo ake. Koma onsewo, atazungulira mmene angazungulirire, amakakumana mu Zambezi. Mnyamata wina anafunsa kuti nanga mtsinje wa ku Kanyama uli kuti. Aphunzitsi anaponda pansi ndi chidendene. "Wanu uli pansi pa mapazi anu." Anafotokoza kuti mwala wathu woyera uja madzi amaudya pang'onopang'ono, m'kati mwake muli njira ndi zipinda, ndipo mvula yathu imalowa pa makomo ochepa n'kuyenda mumdima kulowera ku Kafue. Zitsime zathu ndi mazenera chabe oonera mtsinje umenewo.

Ndinakweza dzanja. Ndinafunsa ngati madzi a kwathu amakadutsa pakhoma pamene bambo anga anagona. Aphunzitsi akanatha kundinamiza, ndipo ndikanakondwa. Koma anati ayi, Kafue amalowa mu Zambezi kumunsi kwa khomalo. Ndinawada tsiku limenelo, koma lero ndimawalemekeza.

Madzulo ndinasimbira amayi za beseni, iwo akusadzula bonongwe. Nditafika pa makomo ochepa aja, manja awo anaima. "Bwereza," anatero. Ndinabwereza. Anagwedeza mutu n'kunena kuti aphunzitsiwo ndi anzeru, bambo ako ankanena zomwezo, kungoti analibe beseni. Kuyambira tsiku la maliro aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira, ndipo kumwetulirako sikunali kokoma kukuona.

Mwayi wawo unabwera wokha, utavala masokosi. Nthawi ya kutentha Mmero uja unkapuma. Unkatulutsa mpweya wozizira, ndipo ukatchera khutu unkamva phokoso pansi ngati munthu akugubuduza m'mimba. Ife tinazolowera, koma a m'nyumba ya malata ayi. Nkhuku za kapitao zinafa ndi chideru. Mkazi wamng'ono uja anatupa mwendo. Anthu omwe aja, amene sasowa chonena, anayamba kumuuza kuti chinthu cha Mnyasa chili ndi njala, chaka chino palibe wachidyetsa. Kapitao anapita kwa sing'anga, ndipo sing'anga anamuuza zimene aliyense wa nthawi imeneyo akanamuuza: mankhwala a munthu satsekedwa ndi mlendo, atseke ndi a m'nyumba ya mwini wake, ndi manja awo, apo ayi chinthucho chidzatulukira pena. Choncho anatumiza mnyamata kudzaitana amayi.

Anatiimika pabwalo lake anthu akuona. Anati amayi atseke dzenje la mwamuna wawo, alitseke lonse, pasatsale ngakhale polowa nyerere. Akachita bwino, iye aganizapo za kiyi. Ndinayembekezera kuti amayi amulavulira. M'malo mwake anagwada kachiwiri pafumbi lomwe lija, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Nditseka, bambo. Nditseka bwinobwino."

Manyazi amene ndinamva sindinawamvenso moyo wanga wonse. Ndinkafuna nthaka indimeze ine m'malo mwa madzi.

Ntchitoyo anaigwira ngati akumanga nyumba yawo. Malume, amene amayi analankhula nawo paokha ine osamva, anasankha miyala ikuluikulu n'kuilowetsa m'mng'alumo, uliwonse pamalo pake, n'kuikhomerera ndi nyundo mpaka kulumana. Pamwamba pake anathira ing'onoing'ono, n'kusinja. Kenako panabwera dothi la pachulu, lija lomata, losakaniza ndi phulusa, ndipo wosenza wake ndinali ine. Ndinkayenda ndi dengu pamutu misozi ikutsika, dothi lonyowa likudonthera m'khosi. Tsiku lachiwiri ndinaponya dengu pansi n'kuwauza amayi kuti asanduka kapolo wa munthu amene anapha mwana wawo. Sanandimenye. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena mawu amodzi okha: "Senza." Ndinasenza, koma ndinasiya kuwalankhula.

Amayi ankathira dothi, n'kupondaponda, n'kusiya liume, n'kuthiranso lina. Pomaliza anazira pamwamba ndi mwala wosalala monga azirira m'nyumba ya mkwatibwi, mpaka pamalopo panachita kunyezimira. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Panali gogo wina wa mzere womwewo, mmodzi mwa anthu oyamba kumanga ku Kanyama, amene anaima n'kumaonerera atagwira m'chiuno. Anayamba kunena kuti, "Koma imwe, mvula ikabwela manje…" Amayi anadzuka, n'kumupatsa moni mokweza, n'kumufunsa za msana wake, maso ali pa iye osaphethira. Gogoyo anameza mawu ake. Sabata yotsatira anamanga katundu n'kupita kukakhala kwa mwana wake ku Matero, akuti msanawo wakula.

Kapitao anakondwa kwabasi. Pamalo ozirawo anaikapo mabenchi, akazi ake n'kumagulitsirapo mowa Loweruka, galamafoni ikulira. Chimbudzi cha anthu amowawo anakumba pambali pa chake chakale, chosazama, chifukwa mwala unamukaniza kupita pansi. Za kiyi sanazitchulenso, ndipo amayi sanapite kukafunsa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine nthawi imeneyo ndinkangoona mbuzi ikunenepa.

Mvula yoyamba inangozimitsa fumbi. Yachiwiri nthaka inamwa. Amayi anayamba chizolowezi chachilendo: masana aliwonse ankaima pachitunda pathu, manja kumbuyo, n'kumayang'ana mitambo ngati mlimi amene wabzala kale. Anapempha malume kuti akweze khonde lathu ndi miyala. Khirisimasi itapita, mvula yeniyeni inafika. Inagwa masiku otsatizana, yosapumira, ya mabingu ochepa, ija imangoti waa kuyambira m'mawa. Maenje a miyala anadzaza n'kulumikizana. Achule ankalira mpaka munthu osamva mnzake. Madzi a mbali yonse ija anatsata njira yawo ya chaka ndi chaka, anafika pa Mmero, n'kupeza pozira bwino.

Linali Lamulungu, titangobwera kutchalitchi, zovala zili chonyowa. Tinamva anthu akukuwa kumunsi. Amayi anavula mpango wawo wa kutchalitchi, anaupinda bwinobwino, n'kundigwira dzanja, koyamba chiyambire kusalankhulana kwathu. Tinakaima pamwala waukulu poonekera zonse.

Pamene panali bwalo la kapitao panali nyanja yofiirira. Mabenchi ankayandama. Chivundikiro cha chitsime chinali chitazuka ndi loko wake yemwe, chikuzungulira pang'onopang'ono pakati pa madzi. Chimbudzi chija chinali chitasefukira, ndipo fungo lake linatipeza pamwala pomwepo. Zidina zikakhala m'madzi sizigwa msanga, zimayamba zasungunuka kunsi ngati shuga. Tinaona khoma la kumadzulo likufupika, likupendekeka, kenako linagona m'madzi mopanda phokoso lalikulu. Linzake linatsatira. Denga la malata lija linatsika n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Ndipo pakati pa zonsezo panali kapitao, madzi ali m'ntchafu, madzi a chimbudzi chake chomwe, galamafoni pamutu, akuitana anyamata ake amene anali atathawa kale. Kiyi inali ikulendewerabe m'khosi mwake.

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka kugwa pansi, ndinadzuka n'kuvina pamwalapo mvula ikundimenya, ndinalulutira ngati pa ukwati. Ndinamuitana mlongo wanga ndi dzina lake kuti aone. Amayi sanaseke, koma dzanja langa analifinya mpaka kupweteka, ndipo sanaphethire mpaka khoma lomaliza litagwa.

Nyumba zina za mzere uja zinagwa nawo. Ndikudziwa zimene abusa anganene pamenepa, ndipo ndakhala ndikudziuza ndekha zaka zambiri: munali ana m'nyumba zimenezo, munali anthu amene anataya mphasa ndi ufa wawo wonse. Palibe anafa, ndipo lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Koma ndikafufuza mumtima mwanga chisoni cha anthu akuluakulu aja, amene anamwa kwaulere n'kutiyang'anira kumbali tikudutsa ndi mwana wodwala, sindichipeza. Ndinayesa kuchifuna, kulibe.

Madzi anaima masabata. Udzudzu unabadwa wochuluka, anthu anayamba kusamuka, ndipo mzungu anabwera atavala majombo kudzaona chimene chikuthamangitsa anthu omulipira za malo. Anamukalipira kapitao pamaso pa aliyense, ngati mwana, n'kumuchotsa ntchito pomwepo. Kapitaoyo anachoka pangolo ya abulu yobwereka, akazi ake awiri ndi malata opindika ali pamwamba. Palibe amene anam'patsa moni wa manja awiri. Palibenso amene anaimba mlandu amayi, pakuti mzere wonse unamva ndi makutu awo iye mwini akulamula kuti pasatsale polowa nyerere. Anthu anangoti chinthu cha Mnyasa chabwezera, ndipo kuyambira pamenepo ankatipatukira panjira mwaulemu.

Amuna a m'deralo anadzapempha malume kuti atsegule Mmero. Anavutika nawo masiku angapo, akugwira ntchito m'madzi ofika m'chifuwa, chifukwa amayi anatsekadi bwinobwino. Mwala womaliza utasuntha, madzi anazungulira n'kulira ngati ng'ombe, ndipo pofika tsiku lotsatira panatsala matope okhaokha ndi nsapato za anthu.

Sindinadikire kuti wina andiuze. Ndinatenga chitini chathu ndi chingwe chake n'kuthamanga, matope akundimeza mpaka m'akakolo. Amayi ndi malume ankabwera pambuyo, osafulumira. Chitsime chinali pululu, chopanda chivundikiro, chopanda loko, chathu. Ndinafuna kuponya ndekha koma amayi anandilanda chingwe. Anaponya. Sichinalire ngwe, ngwe monga kale. Chinangoti tibu pafupi pomwepa, chifukwa makoma a m'mwamba anali atagumukiramo pamodzi ndi zidina za kapitao. Kamphepo kozizira kaja sikanakwere. Chimene chinakwera ndi fungo. Amayi anakoka chitinicho, chodzaza ndi madzi akuda okhala ndi mphutsi, anachiyang'ana, n'kuwabwezera momwemo.

Ndinayamba kulankhula mofulumira. Ndinati tikapa, tichotsa matope onse, malume ali ndi nyundo, ine ndisenza ngakhale mwezi wathunthu, bambo anakumba pamwala wouma ndiye ife tingalephere matope? Amayi anapukusa mutu. Anati uve umenewu walowa m'mabowo a mwala momwe madzi ankatulukira, ndipo iwo sadzamwetsanso mwana wa munthu aliyense madzi okayikitsa. Kenako anawerama, anatola mwala waukulu mwa ija malume anachotsa pa Mmero, anaunyamula ndi manja awiri n'kuuponya m'chitsime cha mwamuna wawo. Anatola wina. Pamwala wachitatu anaima, osatembenuka, n'kunena:

"Achimwene, paja munati khoswe wa pa mkhate sapheka. Wapheka."

Malume anavula chipewa ngati ali pamanda, n'kuyamba kuwathandiza kutola miyala.

Malume anabwerera kwawo ku Ntcheu patapita zaka zochepa, madzi saiwala khwawa. Amayi anakhala ku Kanyama mpaka imfa yawo, akutunga pa zitsime za eni ake, ndipo nkhani imeneyi sanaitchulenso. Lero pamalopo pali nyumba zothithikana, makomo a madzi aja anthu anamangapo pafupifupi onse, ndipo dzinja lililonse ndikamva kuti Kanyama wamira ndimangoti, inde, mtsinje uli pansi pa mapazi anu. Ndapitirira kale msinkhu umene amayi anali nawo chaka chimenecho. Ndabereka, ndaikapo mwana m'manda, ndipo ndikudziwa kuti akanandipatsa ine dothi la pachulu lija ndikanazira mosalala kuposa iwo.

Koma mtsikana amene anaima m'matope tsiku limenelo, chitini chopanda kanthu m'manja, sankadziwa zimenezi. Anamva mawu oti wapheka, mtima wake n'kudumpha, ndipo anadabwa kuona misozi ikutsika pankhope ya munthu amene wapambana. Ankaganiza kuti mvula ndiyo yalakwitsa, kuti yapitirira muyeso n'kuwononga ndi chathu chomwe. Ankafuna kuwatonthoza amayi ake kuti si vuto lawo, sakanadziwa. Sizinamufike m'mutu kuti tsiku lija anagwada pafumbi n'kunena kuti nditseka bwinobwino, amayi anali atayang'ana kale pamene panali chimbudzi chakale cha kapitao, pamene panali chitsime, ndi kumene nthaka inatsikira. Chinthu chokhacho chimene bambo anawasiyira anali atachitsanzika kale, ndipo nyimbo imene ankaimba pozira ija inali ya maliro.